Utsi wa lupsa ndi mtambo wa pa Khwekhwerere

Mwezi wa Okutobala, munthu ataima pamsika wa Golomoti n'kuyang'ana kumadzulo, mapiri sawaona bwino. Zitunda zimene mu Meyi zimaonetsa mtengo uliwonse zimangotsala chithunzithunzi chotuwa, ndipo masiku ena zimazimiririka ndithu. Dzuwa likamalowa limafiira psuu, moti ungaliyang'ane osaphethira. Usiku mizere ya moto imakwawa m'mapirimo, wina woyatsa osaka mbewa, wina wa ofuna msipu watsopano wa ng'ombe, wina wopulumuka m'minda ya anthu amene akusosa. Eni dera sadabwa nazo. Amangoti kunja kwachita utsi, mvula yayandikira.

Utsi ndi mvula n'zapachibale kuposa mmene ambiri timaganizira. Kadontho kalikonse ka mumtambo umene umakhala pamwamba pa Khwekhwerere kali ndi kachitsotso pakati pake: kafumbi, kamwaye, kamchere kapena kaphulusa. Popanda kachitsotsoko, kadontho sikabadwa. Koma tizitsotsoto tikachulukitsa, mtambo ukhoza kuwoloka phiri lonse osagwetsa kanthu. Akatswiri a zanyengo amatcha tizitsotsoti ma aerosol, ndipo papita zaka pafupifupi 150 akulimbana nato.

Tiyambe ndi malo. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Mtakataka, Mua ndi Golomoti ali m'chigwa chotentha chomwe chakwerako pang'ono chabe kuposa pamenepo. Koma ukasiya msewu wa M5 pa Golomoti n'kuyamba kukhotakhota ndi Khwekhwerere kulowera ku Masasa, usanapite patali wakwera mamita pafupifupi 1,000. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imayandikira 2,200. Masana mtunda umatentha msanga kuposa madzi, choncho mpweya wonyowa wa panyanja umakokedwera kumtunda, ndipo ukafika patsinde pa mapiri ulibe kolowera kwina koma kukwera. Mpweya wokwera umafufuma chifukwa choupanikiza chachepa, ndipo ukafufuma umazizira, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 100 alionse. Wochoka m'chigwa uli pa madigiri 32 ungafike pamwamba uli pa 22. Mpweya wozizira susunga nthunzi yambiri. Penapake m'chikwezamo umakhuta, ndipo nthunzi yotsalayo iyenera kusanduka madzi.

Vuto n'lakuti nthunzi sisanduka dontho payokha. Kadontho kongoyamba kumene n'kakang'ono zedi, ndipo timadzi ta pakhungu pake sitigwirana mokwanira, ndiye kamauma kasanakule. Mumpweya woyera kotheratu, nthunzi iyenera kuchuluka kangapo kuposa mlingo wokhuta kuti timadontho tipangike, pamene mumtambo weniweni kawirikawiri sipitirira mlingowo ndi gawo limodzi pa 100. Chimene chimapulumutsa zinthu ndi kachitsotso kaja. Nthunzi ikapeza pogwira, kadontho kamayamba kali kale kokulirapo, ndipo sikauma.

Amene anaonetsa izi poyera ndi John Aitken wa ku Falkirk ku Scotland, mu 1880, ngakhale Mfalansa wina, Paul-Jean Coulier, anali atazipeza kale mu 1875 anthu osalabadira. Aitken anatenga mabotolo awiri agalasi. M'limodzi anasiyamo mpweya wamba wa m'chipinda, m'linalo analowetsamo mpweya wosefa ndi thonje. Atalowetsa nthunzi monsemo, botolo la mpweya wamba linachita chifunga, la mpweya wosefa linangokhala mbee. Pambuyo pake anapanga kachipangizo kowerengera fumbi la mumpweya, n'kumakwera nako mapiri monga Rigi ku Switzerland.

Sikuti fumbi lililonse n'lofanana. Izi zinadziwikanso paphiri. Cha m'ma 1920, Hilding Köhler wa ku Sweden anali pamalo oyezera zanyengo paphiri la Haldde, kumpoto kwenikweni kwa Norway. Ankatola madzi oundana amene mitambo imasiya ikakhudza phirilo, ndipo atawayeza anapezamo mchere wa m'nyanja. Pofika 1936 anali atalemba masamu amene akugwirabe ntchito mpaka lero. Mwachidule akuti kachitsotso kosungunuka m'madzi kamakoka nthunzi mosavuta, ndipo kakakhala kokulirapo kamakoka msanga kuposa kakang'ono. N'chifukwa chomwecho mchere wa pakhomo umanyowa wokha m'dzinja. Mpweya ukamakwera phiri, toyamba kusanduka timadontho ndi tizitsotso tikulutikulu tamchere, kenaka tapakati, ndipo tating'ono kwambiri timatsala touma chifukwa anzawo amaliza kale nthunzi yapadera ija.

Kukula kwa zinthuzi kumafuna kudekha nako. Milimita imodzi ili ndi mamaikromita 1,000. Kachitsotso kopanga kadontho kamakhala cha pa maikromita 0.1 kapena 0.2. Kadontho ka mumtambo kamakhala mamaikromita 10 mpaka 20, kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi. Dontho la mvula limakhala milimita imodzi kapena mamilimita awiri. Kuti dontho limodzi lofika pansi lipangike pamafunika timadontho ta mumtambo pafupifupi 1 miliyoni. Kungoyamwa nthunzi sikungafikitse kadontho pamenepo, kumachedwa kwambiri. Chimene chimachitika n'chakuti timadontho tina timakula kuposa tinzake, timayamba kugwa mofulumirako, timagunda tating'ono n'kumatimeza. Kugundanaku sikuyamba mwamphamvu mpaka timadontho titafika kukula kwa mamaikromita 30 kapena 40.

Tsono werengani mitu. Pamwamba pa nyanja yamchere, kutali ndi mtunda, kabokosi ka mpweya ka sentimita imodzi mbali zonse kamakhala ndi timadontho tosakwana 100. Pamtunda timakhala mazana angapo. Muutsi timaposa 1,000. Madzi a mumtambo ndi omwewo, angogawidwa kwa ambiri. Zili ngati mphika umodzi wa ndiwo pamaliro: mbale zikachuluka, aliyense amangolandira msuzi wonyowetsa mbamu. Timadontho timakhala tambiri koma tating'ono, tofanana msinkhu, ndipo palibe komeza kanzake. Sean Twomey, katswiri wobadwira ku Ireland, anaonetsa m'ma 1970 kuti mtambo wotere umawala kwambiri ndipo umabweza dzuwa lochuluka kumwamba. Kwa mlimi wa ku Mtakataka, chachikulu n'chakuti mtambo wotere umachedwa kugwetsa mvula.

Mtambo wa paphiri uli ndi nthawi yochepa

Kuchedwa kumeneku n'kumene kumasiyanitsa mtambo wa paphiri ndi inzake. Mtambo wovala phiri umaoneka ngati wakhazikika, koma mpweya wa mkati mwake ukuyenda. Umalowa mbali yoyang'ana mphepo, umapanga timadontho, ndipo ukasiya kukwera kapena ukayamba kutsetsereka umafunda, timadonthoto n'kuuma. Tiyerekeze kuti mtambo watambalala makilomita 5 ndipo mphepo ikuyenda mamita 5 pasekondi. Kadontho kali ndi mphindi zosakwana 20 kuti kabadwe, kakule, kameze anzake ndi kugwa. Mumpweya woyera nthawi imeneyo ikhoza kukwana. Muutsi, mvula imene ikanagwa m'zitunda za Mua-Livulezi imakagwa patsogolo, mwinanso osagwa n'komwe.

Kwa anthu a m'chigwa, malo ogwera mvula si nkhani yaing'ono. Mitsinje ya Livulezi ndi Namikokwe imachokera m'mapiri omwewa. Sikimu ya mpunga ya Bwanje Valley, ya mahekitala 800, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, imamwa madzi a Namikokwe. Mvula yogwa mbali yoyang'ana kunyanja imatsikira kuno. Yodutsa malire a madzi, kumene msewu wa M1 umayenda m'mphepete mwa Mozambique, imakathera ku Angonia ndi mumtsinje wa Zambezi.

Umboni wamphamvu wa zimenezi unachokera paphiri la Hua, pafupi ndi mzinda wa Xi'an ku China. Pansonga pake, pamtunda wa mamita oposa 2,000, pali malo oyezera zanyengo amene kuyambira m'ma 1950 akhala akulemba mvula ndiponso kutalika kwa mtunda umene maso akutha kuona tsikulo. Mu 2007 Daniel Rosenfeld wa ku Hebrew University ku Jerusalem ndi anzake a ku China anaphatikiza zolembedwa ziwirizo, n'kupeza kuti masiku amene mpweya unali wautsi kwambiri, mvula ya paphiri imachepa ndi magawo 30 mpaka 50 pa 100. Rosenfeld yemweyo mu 1999 anali ataonetsa, ndi setilaiti ya TRMM, kuti ku Kalimantan ku Indonesia mitambo yolowa utsi wa nkhalango zoyaka sinkagwetsa mvula pamene inzake ya mumpweya woyera inkagwetsa. Ku Amazon, gulu la Meinrat Andreae linalowa m'mitambo ndi ndege, ndipo mu 2004 linalengeza kuti mumpweya woyera mvula imayamba kupangika makilomita 1.5 pamwamba pa tsinde la mtambo, koma muutsi mtambo uyenera kutalika makilomita oposa 5.

Akatswiri sanagwirizane onse. Amir Givati ndi Rosenfeld atanena mu 2004 kuti utsi wa m'mizinda wachepetsa mvula ya m'mapiri a ku Israel ndi California, ena, monga Pinhas Alpert wa ku Tel Aviv, anaunikanso manambala a ku Israel n'kutsutsa. Mkangano wotere ngwabwino, chifukwa kusiyanitsa dzanja la utsi ndi dzanja la mphepo n'kovuta: tsiku lautsi nthawi zambiri limakhalanso tsiku louma, lopanda mphepo yonyowa.

Palinso malire ena. Kuchuluka kwa timadontho sikudalira tizitsotso tokha, kumadaliranso liwiro limene mpweya ukukwera nalo. Mpweya wokwera pang'onopang'ono umatulutsa nthunzi yapadera yochepa, yokwanira tizitsotso towerengeka, ndipo kuwonjezera utsi sikusinthanso kanthu. Mpweya wothamanga umadzutsa ngakhale tating'ono kwambiri. Ofufuza amene anayeza mitambo ku Davos ku Switzerland kumayambiriro kwa 2019 anapeza kuti nthawi zambiri chimene chimaika malire pa chiwerengero cha timadontho ndi liwirolo. Kunoko zikutanthauza kuti nkhungu ya m'mawa yokwawa mwaulesi m'zigwembe imakhuta msanga, pamene mtambo wa masana a Novembala, wokankhidwa ndi dzuwa ndi mphepo ya kunyanja pamodzi, umalandira utsi wochuluka n'kuusandutsa timadontho.

Utsiwu ngwa yani?

N'kosavuta kuloza chala mnyamata wosaka mbewa, ndipo nthawi zambiri ndiye amatchulidwa pamisonkhano. Koma utsi wa pamwamba pa Golomoti uli ndi eni ake ambiri. Muli wa mauvuni a makala obisika m'nkhalango, wa mauvuni a njerwa amene amachuluka m'chilimwe, wa mapesi ndi zinyalala za m'minda, wa m'makhitchini, pakuti mabanja oposa 9 pa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndi fumbi lonyamulidwa ndi akavuluvulu m'minda youma. Ndipo gawo lina si lathu n'komwe. Tizitsotso ta utsi timatha masiku angapo mumlengalenga, timayenda makilomita mazanamazana.

Mu Ogasiti ndi Seputembala 2000, asayansi a m'mayiko ambiri anachita kafukufuku wamkulu wotchedwa SAFARI 2000. Ndege zawo, kuphatikizapo ER-2 ya bungwe la NASA, zinkanyamuka ku Pietersburg, komwe lero ndi Polokwane ku South Africa, ndipo zida zina anaziika pansi ku Mongu ku Zambia. Anaona utsi wa lupsa wa mayiko angapo utaphatikizana n'kumayenda mumzere waukulu kulowera kunyanja ya Indian Ocean. Anapezanso kuti tizitsotso ta lupsa timakoka madzi bwino ndithu. Mwaye wongotuluka kumene pamoto sukonda madzi, koma utsi wa udzu ndi mitengo umakhala ndi mchere wa potaziyamu, ndipo pakapita maola angapo tizitsotsoto timakutidwa ndi zinthu zina zosungunuka. Utsi wogona tsiku limodzi umapanga timadontho mosavuta kuposa utsi wa lero.

Nyanja yathu nayo imachitira umboni. M'zaka za m'ma 1990, Harvey Bootsma ndi Robert Hecky, pofufuza za madzi a Nyanja ya Malawi kuchokera ku Senga Bay ku Salima, anayeza zimene zimagwera m'nyanja kuchokera kumwamba, pamodzi ndi mvula komanso monga fumbi louma. Anapeza kuti gawo lalikulu la naitrojeni ndi fosiforasi wolowa m'nyanjayi limadzera mumpweya, ndipo kutentha tchire anakutchula pakati pa zifukwa zake. Manyowa amene akanatsala m'munda amakwera ndi utsi n'kukadyetsa ndere.

Utsi uli ndi njira inanso yovutitsira mtambo, yosadzera m'timadontho. Umatchinga dzuwa kuti nthaka isatenthe mokwanira, ndipo mwaye wake umayamwa dzuwalo n'kufunditsa mpweya wa m'mwamba. Pansi pakazizira, pamwamba pakafunda, mpweya umachita ulesi kukwera. Ilan Koren ndi anzake anaonetsa mu 2004 kuti ku Amazon timitambo ta masana, timene mumpweya woyera timaphimba magawo 38 pa 100 a thambo, timatheratu utsi ukachindikala. Dzuwa lotchingidwalo ndi lomwenso malo opangira magetsi a sola a pa Golomoti, a mamegawati 20, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022, amadalira. Utsi ndi fumbi zimabwera m'miyezi yomwe mitambo ili yochepa ndipo magalasiwo akanakolola kwambiri. Komanso mtambo ukakhala wamphamvu, woti utsi sungaulepheretse kukwera, madzi amene sanagwe msanga amanyamulidwa kufika kozizira kwambiri, n'kuundana. Akatswiri ena amati izi zimakulitsa matalala, ziphaliwali ndi mphepo yosasula madenga, ena amati mphamvu yake n'njochepa, ndipo mkanganowo ukadalipo.

Si tizitsotso tonse timachedwetsa mvula. Chakumapeto kwa ma 1980, Graeme Mather, amene ankafufuza mitambo ndi ndege ku Nelspruit ku South Africa, anapeza madontho akuluakulu modabwitsa mumtambo umene unali pamwamba pa fakitale ya mapepala. Utsi wa fakitaleyo unali ndi tizitsotso tamchere tikulutikulu, ndipo tochepa totere timapanga timadontho tonenepa toyambitsa kumezana kuja. Pamenepo m'pamene panachokera luso loyatsa mchere pamapiko a ndege pansi pa mtambo. Nyanja yathu ilibe mchere, choncho mafunde a mwera sapereka tizitsotso totere. Mchere umene umafika kuno ndi wotsalira paulendo wautali wochokera ku Indian Ocean kudutsa Mozambique.

Makolo ndi moto

Ku Mua, kumene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902, Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo m'nyumba yake ya Chamare mumasungidwa mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Mwa nthano za Achewa, ya Kaphirintiwa ndiyo imamanga pamodzi mvula ndi moto. Chauta, anthu ndi nyama anatsika ndi mvula, nakhala mwamtendere. Munthu atapeka moto, tchire linayaka, nyama zinathawa n'kusanduka adani ake, kupatula galu ndi mbuzi zimene zinathawira kwa iye, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Wansembe wina wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, analemba mu 1971 za tanthauzo la lupsa m'chipembedzo cha makolo. Anaonetsa kuti kutentha tchire kunali ndi nyengo yake ndi eni ake, kuti munthu sankangoyatsa mmene wafunira, ndiponso kuti anthu ankaona ubale pakati pa utsi wokwera ndi mitambo yakuda yobwera pambuyo pake.

Ine sindikuona chifukwa chosekera maganizo amenewo. Utsi umaperekadi poyambira timadontho, ndipo moto waukulu umatha kukankha mpweya mpaka kupanga mtambo wakewake pamwamba pake. Pamene sayansi ikusiyana ndi makolo m'pakuti mpweya wa pamtunda susowa tizitsotso. Fumbi, mungu, ndi zotuluka m'masamba a mitengo zimakwana kale. Utsi wowonjezera subweretsa madzi, umangogawa omwe alipo. Koma lamulo lawo lakuti moto ukhale ndi nthawi ndi mwini wake linali lanzeru kuposa chifukwa chimene ankapereka.

Tisakokomezenso. Chilala cha 2024, pamene boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, chinadza ndi El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific, osati ndi moto wa pa Khwekhwerere. Kuyambira Disembala mpaka Malichi udzu umakhala wauwisi, lupsa kulibe, ndipo mvula imatsuka mpweya pafupipafupi. Utsi ndi mitambo ya mvula zimakumana kwenikweni m'masabata ochepa a kumapeto kwa Okutobala ndi Novembala. Chizimalupsa chikagwa chokwanira, chimazimitsa moto n'kugwetsa tizitsotso tambiri, ndipo mtambo wotsatira umapangika mumpweya wina. Koma masabata ochepawo ndi amene mlimi amasankha kubzala kapena kudikira, mbewu ili yodula ndipo yobwereza palibe.

A zankhalango ali ndi njira yakale, yochokera m'nthawi ya atsamunda, yotentha nkhalango za miombo molawirira, dzinja litangotha, udzu usanaume kwambiri. Cholinga chake n'kuteteza mitengo, chifukwa moto wa mu Juni umangonyambita pansi pamene wa mu Okutobala umapha mphukira ndi mitengo ing'onoing'ono. Njirayi imachotsanso utsi wina m'masabata a mvula yoyamba. Ili ndi mtengo wake: udzu wosauma bwino umafuka kwambiri, ndipo utsi wa mu Juni ndi Julayi umakumana ndi mitambo ya mwera ndi chiperoni, yopyapyala, imene mawawa ake amadalira kumezana kwa timadontho kokhakokha. Mawawa amenewo sathirira chimanga cha m'munda, koma amanyowetsa nkhalango ya pamwamba ndi kuchedwetsa kuuma kwa akasupe amene madimba a m'chigwa amadalira. Kusankha mwezi wotentha tchire m'mapiri a Mua-Livulezi kuli m'manja mwa a zankhalango, mafumu a dera la Kachindamoto ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi, ndipo mpaka mauvuni a makala atachepa, mwezi ulionse umene angasankhe udzapeza utsi wina uli kale mumlengalenga.